Kodi Batire Limodzi Nlokwanira?

Nkhani ya lero iyambira m'misewu ya mzinda wa Blantyre, koma ikafika mpaka kunyanja. Munthu amene adakwerapo minibasi yochokera ku Ndirande kupita ku Limbe, kapena yochokera ku Machinjiri kutsikira m'tauni, akudziŵa kuti magalimoto ena amamveka asanaoneke. Pansi pa mpando wakumbuyo pamakhala chibokosi cha masipika, ndipo kugunda kwake kumayamba kugwedeza nthiti za wokwera iye asanapereke nkomwe ndalama kwa kondakitala. Eni magalimoto ang'onoang'ono ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Bangwe nawonso adatengera chizoloŵezi chomwechi. Ndipo ena mwa iwo, amene zinthu zidawayendera, ali ndi maboti ku Mangochi ndi ku Cape Maclear, m'mene adaikamo zoimbira zamphamvu zosangalatsira alendo pamadzi.

Onseŵa amafika kwa amakaniko ndi funso limodzi: kodi popeza zoimbira zakula chotere, nkofunika kugula batire lachiŵiri? Amakaniko ena amangovomera msanga, pajatu wogulitsa sakana wogula. Koma yankho loona lidalira pa chinthu chimodzi chimene ambiri saganizira, ndicho ichi: kodi nyimbozo zimalira injini ikuyenda, kapena itazima?

Kuti funsoli limveke bwino, nkoyenera kuyamba ndi madzi, chifukwa aliyense wokhala m'makomboni a Blantyre amaidziŵa nkhani ya madzi. Madzi ambiri a mzindawu amachokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amachita kupopedwa kukwera mtunda. Tsiku limene mpope wauma, banja limene liri ndi mgolo wodzaza silivutika msanga. Koma mgolo supanga madzi, umangosunga. Banja likagula mgolo wachiŵiri, mpope sutulutsa madzi ambiri chifukwa cha mgolowo. Chimene chimasintha nchakuti tsopano pali migolo iŵiri yofuna kudzazidwa ndi mpope womwe uja. M'galimoto, mpope ndi chipangizo chimene amakaniko amachitcha alternator, chozunguzidwa ndi lamba wa injini. Batire ndiye mgolo. Injini ikamayenda, magetsi a nyale, a hutala ndi a zoimbira amachokera ku alternator. Injini ikazima, mpope watsekedwa, ndipo zonse zimatunga mumgolo.

Batire limene liri m'galimoto lero silidasiyane kwenikweni ndi limene Mfalansa wina, Gaston Planté, adapanga m'chaka cha 1859: timbale ta mtovu tomizidwa m'madzi a asidi. Muli zipinda zisanu ndi chimodzi, chirichonse chopereka mavoluti 2 ndi pang'ono, kotero kuti batire lodzaza bwino limaonetsa mavoluti 12.6. Ntchito yake yaikulu idayamba m'chaka cha 1912, pamene kampani ya Cadillac ku America idaika m'magalimoto ake sitata ya magetsi yokonzedwa ndi Charles Kettering. Zisanatero, woyendetsa ankatsika nkupukusa chitsulo kutsogolo kwa galimoto, ndipo ambiri adathyoka nacho manja. Batire la galimoto lidapangidwira ntchito imeneyi basi: kupereka mphamvu yaikulu kwa kamphindi, kenaka nkudzazidwanso nthaŵi yomweyo.

Apa mpamene pali chinsinsi, ndipo masamu ake ngosavuta. Sitata ya minibasi ya dizilo ingakoke maampeya 300, koma imatero kwa masekondi atatu okha. Kuŵerengera bwino, chimene chachoka m'batire ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a muyeso umene umalembedwa pabatire kuti Ah, ndiko kunena ampeya imodzi yokokedwa kwa ola lathunthu. Batire lija lotchuka la N70 limasunga pafupifupi 70Ah. Tsono kuliza injini kuli ngati kutunga kapu imodzi mumgolo. Koma ampulifaya yapakatikati, ikamaimba mokweza, ingadye maampeya 15 mosalekeza. Pa maola aŵiri yadya 30Ah. Ndiye kuti maola aŵiri a nyimbo, injini iri chete, atenga mphamvu yokwanira kuliza injini ka 120, ndipo mgolo watsala pang'ono kufika theka. Limenelo ndi batire latsopano. Lakale, limene lagwira ntchito zaka ziŵiri kapena zitatu, silisunganso 70Ah ngakhale pachikopa pake palembedwebe choncho.

Mwina womvera wina anena kuti ampulifaya yake ndi ya mawati 3,000, popeza ndi zimene zalembedwa pabokosi ndi zilembo zofiira. Manambala otere kaŵirikaŵiri amalembedwa pofuna kukopa wogula. Mawati amapezeka pochulukitsa mavoluti ndi maampeya. Kuti chipangizo cha mavoluti 12 chidye mawati 3,000, chiyenera kukoka maampeya 250, ofanana ndi a sitata, koma osapumira. Waya wopyapyala amene amalumikizira ambiri akadasungunuka kalekale. Mboni yosanama ndi fyuzi imene iri m'mbali mwa ampulifaya. Ngati palembedwa 40, ndiye kuti chipangizocho sichingadye zoposa maampeya 40, ndipo pa mavoluti 14 amenewo ndi mawati 560. Gawo lina la ameneŵa limangosanduka kutentha, nchifukwa chake chitsulocho chimaotcha dzanja. Ndiponso nyimbo sizigunda mofanana nthaŵi zonse, zimakwera ndi kutsika, kotero kuti kudya kwenikweni kumakhala gawo limodzi mwa atatu, mwinanso kucheperapo. Umo ndi mmene maampeya 15 aja apezekera.

Tsopano nkhani ibwerere ku minibasi imene imayenda tsiku lonse, kuyambira mbandakucha kufikira usiku, nyimbo zikulira pokhapokha injini ikuyenda. Alternator ya maminibasi ambiri imatulutsa maampeya apakati pa 60 ndi 100 injini ikamathamanga bwino. Usana, nyale ziri zozima, mphamvu imeneyi imakwanira zonse ndi kutsalako. Galimoto yotere sifuna batire lachiŵiri, ndipo ndalama yogulira batirelo ikadathandiza pa matayala kapena mabuleki. Vuto limaoneka madzulo a mvula, pa mdipiti wa magalimoto a pa Ginnery Corner kapena pa msewu wa Masauko Chipembere, pamene nyale zayaka, zopukutira galasi zikuvina, ndipo injini ikungolira pansipansi. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono, alternator imapereka mwina theka la mphamvu yake. Chizindikiro chake aliyense angachione: nyale zakutsogolo zimaphethira motsatana ndi kugunda kwa besi. Mwini galimoto akaona zimenezi amathamangira batire lina, koma apa nthenda iri pa mpope. Batire lachiŵiri lingabise kuphethirako kwa kanthaŵi, komabe m'kupita kwa masiku onse aŵiri amakhala osadzaza, ndipo alternator, imene tsopano ikudyetsa pakamwa paŵiri, imatentha nkupsa msanga. Mankhwala ake ndi ena: kutsuka mitu ya batire imene yachita ufa woyera, kuika mawaya okhuthala pakati pa alternator, batire ndi thupi la galimoto, kumanga bwino lamba, ndipo zikakanika, kugula alternator yaikulupo. Palinso mankhwala aulere, amene ndi kutsitsa nyimbo.

Pa kutsitsako nkofunika kupatukira pang'ono. Akatswiri a zaumoyo adapeza kuti phokoso lopitirira madesibelo 85, munthu akakhala m'menemo maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku, limagonthetsa makutu pang'onopang'ono, ndipo makutu akafa motero sadzukanso. Wokwera amatsika pakapita mphindi makumi aŵiri, koma woyendetsa ndi kondakitala amakhala momwemo tsiku lonse, zaka ndi zaka. Ndipo m'minibasi ya ku Zingwangwa kapena ya ku Chilomoni simusoŵa mayi wobereka mwana wodwala, wopita ku chipatala cha Queen Elizabeth. Iyeyu sadalipire kuti adzamve dansi.

Mlandu wachiŵiri ndi wa galimoto imene imaimba itaima. Loŵeruka masana pali chinkhoswe ku Bangwe, kapena anyamata akutsuka minibasi ku Machinjiri, zitseko zonse ziri pululu, nyimbo zikumveka mpaka kutsidya. Injini yazimitsidwa, popeza mafuta ngodula. Madzulo galimoto ilira movutikira, iyenda mtunda waufupi kukagona. Mwini wake aganiza kuti batire ladzaza panjira, koma batire la mtovu silidzaza mothamanga. Likatsika kufika theka limafuna maola angapo, ndipo gawo lomaliza ndilo limaloŵa mochedwa koposa. M'maŵa mwake, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene chiperoni chakuta mapiri a Ndirande ndi Soche, batire lozizidwa limapereka mphamvu yochepa, mafuta a m'injini amakhala atalimba, ndipo injini ya dizilo imayamba yatenthetsa mapulagi ake isanalire. Woyendetsa apotoza kiyi, ndipo chimene chimveka ndi kakuti tha, tha, basi.

Blantyre ndi mzinda wachifundo kwa galimoto yotere, chifukwa ngwa zitunda. Oyendetsa ambiri a ku Ndirande ndi ku Chilomoni amagoneka galimoto italoza kumunsi, mwala uli kutayala. Zikavuta pamalo athyathyathya, kondakitala amatembenukira kwa okwera nkunena kuti, "Pepani abambo anga, tatsikani pang'ono tithandizane kukankha." Anthu amadandaula, ena amasamukira m'minibasi ina, ndipo ulendo woyamba wa m'maŵa, umene uli wa ndalama zambiri, wapita, koma ndalama ya bwana ya tsikulo siitsika chifukwa cha chiperoni. Komanso njira yokankhayi ikutha mphamvu. Magalimoto ambiri amene akuloŵa m'dziko muno kuchokera ku Japan, monga ma Toyota Sienta amene asanduka matakisi, ndi osintha okha magiya, ndipo galimoto yotere ngakhale aikankhe amuna khumi silira.

Kuwonongeka kwina sikuoneka ndi maso. Batire lolizira injini liri ndi timbale tambiri topyapyala, kuti lipereke mphamvu yaikulu mwadzidzidzi. Timbale totere sitipirira kukhuthulidwa kwambiri. Nthaŵi iriyonse batire likatsitsidwa kwenikweni, ndipo makamaka likagonekedwa losadzaza, pa timbaleto pamamera nkhungu yolimba ya mchere wa mtovu imene sisungunukanso. Batire limene likadakhala zaka zitatu kapena zinayi limafa chaka chisanathe, mwini wake nkumanena kuti adamugulitsa lachinyengo. Walira mvula walira matope. Kwa munthu wotereyu, amene amaimba galimoto itaima, batire lachiŵiri liri ndi ntchito ndithu.

Koma lisakhale la mtundu womwewo. Pali batire lina la timbale tokhuthala, lopangidwira kupereka mphamvu yapang'ono kwa maola ambiri, limene amalitcha deep cycle. Anthu a m'makomboni adalidziŵa ndi dzina lakuti batire la sola, makamaka chiyambire Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira nachotsa mamegawati pafupifupi 130, magetsi nkumazima maola ambiri patsiku kufikira malowo atakonzedwa m'chaka cha 2023. Batire limenelo ndilo loyenera zoimbira. Ngakhale ilo, kuti likhalitse, lisamatsitsidwe kupyola theka. La 100Ah liŵerengedwe ngati la 50Ah, amene ali maola atatu a nyimbo zokweza. Mabatire atsopano a lithium ndi opepuka ndipo amalola kutsitsidwa kwambiri, koma ndi odula, ndipo amafuna chipangizo chawochawo chodzazira pakati pa iwo ndi alternator.

Kalumikizidwe ndiko kumene ambiri amaphonya. Kungotenga mawaya aŵiri nkumanga batire latsopano ku lakale, mutu wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda, nkupanga mgolo umodzi waukulu. Nyimbo zidzakhalitsa, inde, koma pomaliza onse aŵiri adzauma pamodzi, ndipo sitata idzasoŵabe chakudya. Choipa china nchakuti lofooka limayamwa lamphamvu usiku wonse. Pakati pa aŵiriŵa pafunika mlonda, kachipangizo kotchedwa isolator. Mtundu wake wofala umayang'ana mavoluti: injini ikalira, mavoluti nkukwera kupitirira 13, kamalumikiza mabatire onse kuti adzazidwe, injini ikazima, mavoluti nkutsika, kamawalekanitsa. Pamenepo zoimbira zingakhuthule lawolo mpaka pansi, lolizira injini liri chikhalire. Eni malori ndi mabasi akuluakulu achenjere ndi msampha wina. Ambiri mwa magalimoto ameneŵa ali kale ndi mabatire aŵiri, koma olumikizidwa motsatana kuti apereke mavoluti 24. Kuba mavoluti 12 pa limodzi kuti adyetse wailesi kumachititsa kuti limodzilo lisamadzaze pamene linzake likupsa ndi kudzazidwa mopitirira, ndipo onse amafa. Pamenepo pafunika chosinthira mavoluti.

Tsono nkhani yafika kunyanja, kumene masamu ndi omweŵa koma malipiro a kulakwa ndi ena. Boti losangalalira limagwira ntchito mosiyana ndi minibasi. Limayenda mphindi zochepa, monga kuchokera pa gombe la Chembe kukafika ku chilumba cha Thumbi, kenaka injini imazima, nangula aponyedwa, alendo asambira ndi kudya, nyimbo zikulira masana onse. Ndiye kuti nthaŵi yotunga njaitali, nthaŵi yodzaza njaifupi. Mpope wakenso ngwaung'ono. Injini zazing'ono zopachika kumbuyo kwa boti, monga zimene asodzi amagwiritsa ntchito, zimapereka maampeya osafika 10, zina 6 okha. Kuti injini yotere ibweze 30Ah iyenera kuyenda maola osachepera asanu, pamene ulendo wobwerera kugombe sukwana ndi ola lomwe.

Ndipo pamadzi palibe chitunda, palibe okwera oti akankhe. Nyanja ya Malaŵi njotalika makilomita oposa 550, ndipo malo ena njotakata makilomita 75. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Seputembala kumawomba mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'maŵa, imene ingasandutse madzi abata kukhala mapiri pa kanthaŵi kochepa. Nyanjayi idamiza sitima yathunthu ya Vipya pa 30 Julaye 1946, chakufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 adatsikira nayo. Boti laling'ono limene injini yake yakana kulira silingalozetse mutu wake ku mafunde. Limapingasa, mafunde nkumalimenya m'nthiti. Batire lomwe lija lafa ndilo limayatsa nyale zoti ena alione usiku, ndilonso limayendetsa pampu yochotsera madzi oloŵa m'boti. Zonsezi zimatha nthaŵi imodzi.

Chifukwa cha ichi, pa boti lolira ndi kiyi yankho liribe chikaiko: ngati muli ampulifaya imene imaimba injini itazima, batire lachiŵiri ndi lofunika monga momwe majekete oyandamira ali ofunikira. Injini zikuluzikulu zamakono sizilola kulizidwa ndi chingwe, ndipo zambiri zimadalira magetsi kuti zipope mafuta. Mwini boti la injini yokoka ndi chingwe ali pabwinoko, chifukwa mkono wake ndiwo sitata. Iye batire limodzi la sola lingamukwanire, malinga alidzaze kumtunda asananyamuke ndipo nyale zake zikhale ndi podalira pena. Mbale ya sola ya mawati 100 padenga la boti imapereka pafupifupi maampeya 5 dzuŵa likaŵala bwino, ndipo pa tsiku loyera ingabweze gawo lalikulu la zimene nyimbo zadya.

Maboti ambiri ali ndi swichi yozungulira yolembedwa 1, 2, BOTH ndi OFF. Njabwino, koma imadalira chikumbumtima cha munthu. Woyendetsa alize injini pa 1, ayende pa BOTH kuti onse adzazidwe, ndipo akangoponya nangula atembenuzire pa 2. Akaiŵala pa BOTH, chifukwa cha macheza kapena chakumwa, ndiye kuti ali ndi mgolo umodzi uja. Asayerekeze kupotozera pa OFF injini ikuyenda, chifukwa alternator ikasoŵa kotula mphamvu yake imapsa m'kati nthaŵi yomweyo. Kwa boti limene limayendetsedwa ndi antchito osinthanasinthana, isolator yodzigwirira yokha ntchito iposa swichi, popeza siiŵala.

Batire lirilonse lowonjezera limabwera ndi ngozi zake. Waya wochokera ku mutu wofiira akhale ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batire, osapitirira chikhatho chimodzi kutalika, chifukwa waya wopanda fyuzi akakhudza chitsulo amafiira ngati khala ndi kuyatsa mipando. Batire likamadzazidwa limatulutsa mpweya wa haidrojeni umene umaphulika ndi kamoto kakang'ono, choncho lisatsekeredwe mopanda mpweya, ndipo lisangoikidwa pansi pa mpando wa okwera losamangidwa, kuti pa bampu loyamba la ku Machinjiri ligudubuzike nkutayira asidi pa miyendo ya anthu. M'boti likhale m'bokosi lomangidwa, pamwamba pa madzi a pansi ndiponso kutali ndi thanki ya petulo, chifukwa nthunzi ya petulo njolemera kuposa mpweya ndipo imadikha pansi pa boti kudikira moto.

Amene akufuna kudziŵa za batire lake angadziŵe ndi kachipangizo kotchipa koyezera mavoluti, kamene kamapezeka m'masitolo a zamagetsi ku Limbe. Ayeze m'maŵa injini isanalire: 12.6 ndi lodzaza, 12.2 ndi la theka, ndipo kutsika pa 12 ndiye kuti lakhuthuka. Ayezenso injini ikuyenda, nyale ndi nyimbo ziri zoyatsa: ngati mavoluti akhala pakati pa 13.8 ndi 14.4, alternator ikukwanitsa. Akatsika kufika pa 12 ndi pang'ono, mpope wachepa. Mabatire okhala ndi zivindikiro awonjezeredwe madzi a batire okha, osati a pampope, osatinso asidi. Ndipo lakale likafa, libwezedwe kwa ogulitsa, amene ambiri amalilandira ndi kuchotserako mtengo wa latsopano. Lisaswedwe pabwalo pamene ana amaseŵera, ndipo asidi wake asakhuthulidwe m'ngalande zotsikira ku Nasolo kapena ku Mudi, chifukwa mtovu ukaloŵa m'thupi la mwana umawononga ubongo wake, ndipo kuwonongekako sikubwerera.